Makina akasiya kulankhula tisathamangire kuwataya



Ndikufuna ndinenepo za mawu amene alowa m'makomo mwathu osaodira: update. Foni ikuti ikufuna update, dikoda ya kanema nayo ikufuna update, ngakhale kamakina kolipirira katundu m'sitolo kamafunanso update. Ambirife timangodina, osafunsa kuti chikusinthidwa n'chiyani, nanga zikakanika tibwerera bwanji pakale. Nthawi zambiri zimayenda bwino. Koma tsiku limene zakanika, makina amene dzulo amagwira ntchito amangoti zii, ndipo mwini wake amaganiza kuti apsa basi, akafune ndalama yogulira ena.

Ine ndimakhala ku Chileka ndipo ndimapeza yandiwo pokonza zamagetsi: mainveta a sola, mawailesi, makina opopa madzi ndi zina zotero. Nkhani imene ndikufuna kugawana ndi awerengi anzanga ndi ya timakina titatu timene tidasiya kulankhula titalandira update, chonsecho padalibe kanthu kalikonse kakupsa. Ndailemba mwatsatanetsatane kuti amisiri anzanga atolepo njira, ndipo eni makina adziwe zofunsa asanalipire munthu.

Choyamba tidziwe kuti m'kati mwa zipangizo zambiri muli kakompyuta kakang'ono kwambiri, kena kosaposa chikhadabo, kamene amisiri amakatcha microcontroller. Kali mumita ya magetsi yolipiriratu, kali m'bokosi loyendetsa sola, kali musikelo ya manambala ya wogula mbewu. Kalibe sikirini, kalibe kiyibodi. Kamangotsata malamulo amene munthu adalemba n'kulowetsa m'kati mwake, ndipo malamulo amenewo ndiwo firmware. Kupanga update ndiye kufufuta malamulo akale n'kulembamo atsopano. Thupi la makina limakhala lomwelo, koma mutu wasintha.

Tina mwa timakompyutati timalumikizidwa ku intaneti ndi nthambo yotchedwa Ethernet, ija mumaiona kubanki kapena muofesi, yamutu wapulasitiki wooneka m'kati. M'nthamboyo muli timawaya 8 topotana tiwiritiwiri, ndipo nthambo imodzi siyenera kupitirira mamita 100. Luso limeneli ndi lakale ndithu: lidayamba mu 1973 kukampani ya Xerox ku America, ndipo mmodzi mwa olitulukira ndi Robert Metcalfe. Kuno kwathu, amene adapitako kuchipatala n'kuona kalaliki akudina pasikirini kenaka n'kumata kapepala ka mizeremizere pabuku lakuchipatala adakumana nalo kale. Makina amene bungwe la Baobab Health lidayamba kuika m'zipatala kuchiyambi kwa zaka za m'ma 2000 ankalandira uthenga ndi magetsi omwe kudzera munthambo yamtunduwu.

Udali mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, pamene adandiimbira foni mayi ena oweta nkhuku kufupi ndi Lirangwe. Ali ndi makina atatu oswetsa mazira, ndipo anapiye amagulitsa kwa alimi a m'deralo mpaka ku Lunzu. Dzira la nkhuku limatenga masiku 21 kuti liswe, ndipo masiku onsewo limafuna kutentha kwa pafupifupi madigiri 37.5. Kukazizira nthawi yaitali, anapiye amachedwa kapena kufera m'dzira. Kukatentha mopyola muyeso, maola ochepa okha ndi okwanira kuononga zonse. Tonse tikukumbukira mmene magetsi ankathimathimira namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko n'kutaya pafupifupi mamegawati 130. Mayiwa adaphunzirapo kanthu nthawi imeneyo. Adaika sola ndi mabatire, ndipo adalemba mnyamata wina waluso kuti awaikire alonda pamakinawo.

Alondawo adali timabodi titatu ta mtundu wa Arduino, kamodzi pamakina alionse. Kabodi kalikonse kamayeza kutentha n'kutumiza nambala kudzera munthambo ya Ethernet kupita kukabokosi kogawa nthambo kotchedwa switch. Kuchoka apo uthenga umapita kurauta yokhala ndi simu khadi, mpaka kufika pafoni ya mayiwo. Akakhala kumsika, kumaliro kapena kutchalitchi, foni inkalira kutentha kukangosokonekera, iwo n'kutuma mwana kuti akaone msanga.

Mnyamata uja pambuyo pake adapita ku Joni kukasaka ntchito, monga achitira anyamata ambiri. Ali komweko adatumiza pa WhatsApp firmware yatsopano yoti timaboditi tizinenanso za chinyezi, chinthu chofunika kwambiri pamasiku atatu omaliza mazira asanaswe. Mdzukulu wa mayiwo, amene amaidziwako kompyuta, adailowetsa m'timabodi tonse titatu tsiku limodzi. Kuyambira madzulo amenewo zinthu zidasokonekera. Uthenga unkabwera wa makina amodzi, kenaka zii ola lathunthu, kenaka wa makina ena, ena osamveka n'komwe. Makinawo ankafungatira mazira bwinobwino, koma alonda adali atagona. M'makinamo mudali mazira ogulidwa ndi ngongole ya banki m'khonde, choncho mayiwa adagona pamphasa m'chipinda cha makinacho usiku katatu, tochi pambali, kumadzuka kawirikawiri kukaona kutentha.

Alangizi adachuluka. Wina adati ndi mphenzi, chonsecho mvula idali isanagwe. Wina adati rauta yatha, agule ina. Wina adanong'ona kuti pali munthu amene sakukondwa ndi bizinesi yawo.

Ndidakwera minibasi ku Chileka, kutsika pa Kameza, kukwera ina yodzera ku Lunzu, kenaka kabaza kuchoka pa Lirangwe. Ndisanakhale n'komwe pansi mayiwo adati: "Mwana wanga, ngati zapsa ingondiuzani, ndisamangoyembekezera." Ndidawayankha kuti: "Amayi, tiyeni tione kaye. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Pantchito yotere pali lamulo limodzi lalikulu: yambira pansi, kwera pang'onopang'ono, ndipo usinthe chinthu chimodzi panthawi. Ukasintha zinthu zitatu nthawi imodzi makina n'kudzuka, sudziwa chimene chawachiritsa, ndipo mawa akadwalanso udzayambiranso pachiyambi.

Ndidayamba ndi magetsi. Mita yanga yoyezera idaonetsa mavolti 5 polowera ndi 3.3 pakachipangizo ka Ethernet, monga zimayenera kukhalira. Kenaka nyali. Pabowo lolowetsa nthambo pamakhala tinyali tiwiri, kawirikawiri kobiriwira ndi kachikasu. Tikayaka ndiye kuti mbali ziwiri za nthambo zaonana, ndipo kena kakamaphethira ndiye kuti uthenga ukudutsa. Patimabodi tonse titatu tinyali tinkayaka. Komabe nthambo zonse ndidaziyenda ndi zala kuchoka kumakina mpaka ku switch, chifukwa pakhomo posungidwa chakudya cha nkhuku makoswe sasowa. Ndidayesanso ndi nthambo yanga imene ndimaidziwa kuti ndi yabwino. Padalibe kusintha.

Apa ndichenjeze amisiri anzanga kuti nyali zisatinamize. Timabodi timeneti tili ndi kachipangizo ka W5500, kopangidwa ndi kampani ya WIZnet ya ku South Korea. Kameneka kamatha kuyatsa nyali kakangolandira magetsi ndi nthambo, ngakhale firmware isakulankhula nako bwino. Nyali imachitira umboni nthambo basi. Zili ngati kuona utsi pakhomo: wadziwa kuti moto wasonkhedwa, koma sudadziwe ngati nsima yapsa.

Nditathana ndi nthambo ndidalumikiza laputopu yanga pa switch yomweyo, ndipo intaneti idabwera nthawi yomweyo. Apa rauta, simu khadi ndi bandulo zidapezeka zosalakwa, ndalama yogulira rauta ina n'kupulumuka. Ndidatsegula tsamba la rautayo pamene imalemba zipangizo zonse zimene yazipatsa adiresi. Ndinkayembekezera kuona maina anayi, laputopu yanga ndi timabodi titatu. Ndidaona awiri okha.

Ndiye ndidazula nthambo ziwiri n'kusiya kabodi kamodzi. Ndidakaitana ndi lamulo lotchedwa ping, limene lili ngati kuodira pakhomo, ndipo kadayankha. Uthenga wake udayamba kufika pafoni ya mayiwo mosadukiza. Ndidachita chimodzimodzi ndi kachiwiri kokha, kenaka kachitatu kokha, ndipo kalikonse kadagwira ntchito bwinobwino. Ndikalumikiza tiwiri kapena tonse titatu, chisokonezo chinkayambiranso. Pamenepa ndidadziwa kuti palibe kodwala, koma timalephera kukhalira limodzi. China chidandikodola: kabodi kalikonse kakakhala kokha, rauta inkakapatsa adiresi yomweyomweyo imene idapatsa kanzake.

Chipangizo chilichonse cha Ethernet chimayenera kukhala ndi nambala yakeyake yotchedwa MAC address, ya zilembo ndi manambala 12. Ili ngati nambala ya pachiphaso cha unzika chija tidalembetsa mu 2017: anthu awiri angafanane dzina, koma nambala ayi. Mafoni ndi malaputopu amabwera nayo kuchokera kufakitale. W5500 imabwera yopanda nambala, ndipo wolemba firmware ndiye amayenera kuipatsa. M'zitsanzo zimene ophunzira Arduino amayambira muli nambala yongoyerekezera, DE:AD:BE:EF:FE:ED, yoti munthu aisinthe akamapanga zake. Nditauza laputopu kuti indionetse nambala ya kabodi kalikonse, tonse titatu tidatulutsa nambala yomweyo. Firmware yakale idapatsa kabodi kalikonse nambala yake. Yatsopanoyi idali fayilo imodzi ya tonse, ndipo nambala ya m'chitsanzo idatsalamo osasinthidwa.

Mayiwo ndidawafotokozera motere. Switch ili ngati mthenga wa mfumu amene sadziwa anthu pankhope, amangokumbukira khomo limene dzina lidamveka komaliza. M'mudzi mukakhala anthu atatu onse akuti "ndine uje", yankho la kalata ya woyamba limakaperekedwa kwa wachitatu chifukwa ndiye wangolankhula kumene. Wachitatuyo akuti "ine sindidalembe kalata", n'kuitaya, uku woyamba akungodikira. Rauta nayo, poona nambala imodzi, idayesa munthu mmodzi, n'kuwapatsa onse adiresi imodzi. Mayiwo adaseka koyamba tsikulo, amvekere: "Ndiye kuti ana atatu apatsidwa dzina limodzi, ndikaitana akumangoyang'anizana?" Ndidati: "Ndi momwemo, amayi."

Kupeza matenda kudatenga maola awiri. Mankhwala ndiwo adavuta. Fayilo imene idabwera pa WhatsApp idali yophikaphika, yongolowetsa m'makina, yovuta kuitsegula n'kusintha kanthu. Fayilo yakale padalibe amene adaisunga, choncho njira yobwerera idali yotsekeka. Tidayenera kudikira kuti mwini wake aweruke kuntchito ku Joni. Usiku umenewo ndidasiya kabodi kamodzi kokha kolumikizidwa, pamakina amene mazira ake adatsala pang'ono kuswa, kuti mayiwo apezeko tulo.

Mnyamatayo sadavute. Atamva nkhaniyo adatumiza malamulo onse monga adawalembera, ndipo m'mawa mwake ndidabwerera ku Lirangwe. Kusintha kwake kudali kwa manambala awiri akumapeto: kabodi koyamba 01, kachiwiri 02, kachitatu 03. Ndidalowetsa m'kamodzi n'kudikira theka la ola, kenaka kachiwiri, kenaka kachitatu. Ndidathimitsa rauta n'kuiyatsanso kuti iiwale zakale, ndipo pamndandanda padaoneka maina anayi. Nambala iliyonse tidailemba pakapepala n'kumata pamakina ake, tidaikoperanso m'kope momwe mayiwo amalembamo za ngongole. Mafayilo onse tidawasunga pa flash ndi mufoni ya mdzukulu. Patatha masiku anayi adandiimbira, m'foni mukumveka phokoso la anapiye.

Si nthawi zonse pamene vuto limakhala la nambala. Ngati update yatha ndipo kabodi sikakuoneka n'komwe pamndandanda wa rauta, ngakhale kali kokha, mmisiri aone ngati firmware yatsopano ikulankhula ndi kachipangizo ka Ethernet kudzera paphini yoyenera. Pabodi ya Ethernet ya Arduino yodziwika ija imakhala phini 10, koma mabodi ena amagwiritsa ntchito ina. Amene akugwiritsa ntchito ESP32 pamodzi ndi kachipangizo ka LAN8720 aone zinthu ziwiri: adiresi ya kachipangizoko, imene kawirikawiri imakhala 0 kapena 1, ndi kumene kukuchokera kugunda kwa mamegahezi 50 kumene ziwirizi zimayendera limodzi. Firmware ikasemphanitsa chimodzi mwa izi, nthambo yabwinobwino imaoneka ngati yoduka. Aonenso ngati adiresi yokhazikika imene idalembedwa mu firmware ikugwirizana ndi ya rauta. Zonsezi zimakonzedwa ndi laputopu, osagula kanthu.

Wina anganene kuti izi zimachitika chifukwa ndi ntchito ya anyamata a kumudzi. Ayi ndithu. Pa 19 Julaye 2024 kampani ya ku America yotchedwa CrowdStrike idatumiza update yolakwika kumakompyuta ambirimbiri nthawi imodzi. Kampani ya Microsoft idati makompyuta pafupifupi 8.5 miliyoni adakhudzidwa. Ndege zidalephera kunyamuka, ndipo mabanki ndi zipatala m'maiko ambiri zidasokonekera. Phunziro limene akatswiri adatolapo ndi lomwe lija la pakhola la nkhuku: yesani pa ochepa kaye, muone, kenaka mupitirize.

Chitsanzo china tili nacho m'nyumba mwathu. Mita zambiri zolipiriratu, kuno ndi kumaiko ena, zinkayenera kusinthidwa m'kati pasanafike pa 24 Novembala 2024, apo ayi zikadasiya kulandira mayunitsi atsopano. Escom idachenjezeratu anthu nthawi ikadalipo, ndipo kusinthako kunkachitika polowetsa manambala apadera mumita. Kusintha kolengezedwa, kokhala ndi munthu womufunsa zikavuta, sikuopsa ngati kumene kumangofika pafoni usiku.

Ife a ku Chileka timakhala pakati pa makina akuluakulu. Tili ndi bwalo la ndege, tilinso ndi malo a Blantyre Water Board opopera madzi ochokera ku Walker's Ferry pamtsinje wa Shire kukwera nawo mumzinda. Amenewo ali ndi mainjiniya awo. Nkhawa yanga ili pa timakina timene tikuchuluka m'midzi: mapampu a sola, mafiriji osungira mankhwala, makina oswetsa mazira, masikelo. Timeneti timaikidwa ndi munthu mmodzi amene chaka chamawa akhala ali ku Lilongwe kapena ku Joni, nzeru zonse zili m'laputopu yake. Makina akadwala, mudzi umatsala ndi chitsulo.

N'chifukwa chake ndikupempha aliyense amene akuikitsa makina otere, kaya ndi mlimi, komiti ya madzi kapena mwini chigayo, kuti asamalize kulipira asanalandire zinthu zitatu. Choyamba, fayilo ya firmware imene ili m'makinamo panopa, kuti yatsopano ikakanika yakale ibwezeretsedwe. Chachiwiri, malamulo ake monga adalembedwera, kuti mmisiri wina athe kuwawerenga. Chachitatu, pepala lolembedwa manambala onse: MAC address, adiresi ya pa netiweki ndi pasiwedi ya rauta. Simukuyenera kuzimvetsa zonsezi. Zisungeni monga musungira makalata a malo, tsiku lina zidzafunika. Safunsa adadya phula.

Update ikabwera, funsani kaye kuti ikukonza chiyani. Ngati makina akugwira bwino ndipo muli pakati pa ntchito, mazira ali m'kati kapena fodya ali pasikelo, idikire. Ngati muli ndi makina angapo, yambani ndi amodzi, agone usiku, mawa muone. Ndipo zikakanika, uzani mmisiri zoona zake kuti vuto lidayamba update itangochitika. Mawu amenewo okha amamuchotsera theka la ntchito.

Kwa anzanga oika makinawa ndikuti: kubisa mafayilo poopa kulandidwa kasitomala kumatipha tokha. Makina ako akafa iwe uli kutali, anthu sanena kuti mmisiri adachoka. Amati zinthu zopangidwa ndi Amalawi sizikhalitsa, ndipo ulendo wina amakagula zakunja. Ukasiya zonse m'manja mwa mwini wake, dzina lako limakoma ngakhale wokonzayo akhale wina.

Ndipemphenso a Teveta, sukulu zaluso monga Soche Technical College, ndi yunivesite ya Mubas kuti pophunzitsa achinyamata kupanga zipangizo zatsopano aziwaphunzitsanso kufufuza vuto m'zipangizo za eni. Mmisiri wa masiku ano sakwanira ndi pulayala ndi sikuludiraiva zokha. Ayenera kudziwa kuwerenga mndandanda wa rauta, kuitana chipangizo ndi ping, ndi kulemba m'kope chilichonse chimene wasintha. Maphunziro amenewa safuna zida zodula: laputopu yakale, switch imodzi, nthambo zingapo ndi timabodi tiwiri n'zokwanira kuphunzitsira kalasi yonse. Achinyamata ofuna ntchito ali mbwee m'misika ya Lunzu, Lirangwe ndi Chileka, ndipo makina ofuna owasamala akuchuluka chaka ndi chaka. Tiwakumanitse.

Wokonza zamagetsi,
Chileka, Blantyre.